git svn imagwira ntchito koma konzekani kudikira

Amene muli ndi pulojekiti ya open source yomwe idakali pa Subversion ndipo mukuganiza zosamukira ku Git (onsewa ndi mapulogalamu osungira code ndi mbiri ya zonse zomwe zasinthidwamo), chida chomwe ambiri amayambira ndi git svn, ifenso tinagwiritsa chomwechi posamutsa kapulojekiti kathu. Chifukwa chosamukira nchodziwika, GitHub, webusaiti yosungirapo mapulojekiti a Git, inasiya kulandira Subversion mu Januwale 2024 ndipo mapulojekiti akuluakulu anachoka pa Subversion kalekale, LLVM mu 2019, GCC kumayambiriro kwa 2020, FreeBSD kumapeto kwa chaka chomwecho. Komanso ana a masiku ano ofuna kuthandiza nawo code ukawauza za svn checkout amangokuyang'ana basi.

Kuyamba kwake nkosavuta, umalemba git svn clone nkuwonjezera --stdlayout ngati mafoda anu ali mwa nthawi zonse muja, trunk, branches ndi tags. Kenako imayamba kukoka ma revision (zosintha zomwe Subversion inasunga, chilichonse ndi nambala yake) imodziimodzi kuchokera pa seva, kuyambira r1 mpaka yomaliza, ndipo aise ndiyochedwa zoopsa, nde ndi netiweki yathuyi yomangodukaduka kuphatikiza magetsi mutha kutopa nayo. Chabwino nchakuti ikaduka suyambiranso pachiyambi, git svn fetch imapitiriza pomwe inalekezera. Koma ine ndinganene kuti yambani mwakopera repository yonse (nkhokwe ya code ndi mbiri yake) pa laputopu ndi svnsync kapena svnrdump, musinthire ku Git pompo, bandulo isapite pachabe.

Pomwe pali ntchito yeniyeni ndi pa maina a anthu. Subversion imangosunga username basi pamene Git imafuna dzina ndi imelo pa commit iliyonse (kusintha kulikonse kosungidwa), nde umayenera kulemba fayilo yolumikiza username iliyonse ndi mwini wake nkuipereka ndi --authors-file. Ikakumana ndi dzina lomwe mulibe mufayilomo imaima pomwepo, osapitanso. Ife tinachita kufunsana kuti kodi uyu anali ndani, anthu ena anasiya pulojekiti kalekale ndipo ma imelo awo anafa. Mukhoza kuilumpha fayiloyi koma ma imelo amatuluka oipa, username kenako manambala ndi zilembo zambirimbiri, ndipo munthu amene anakhetsa thukuta kwaulere dzina lake liyenera kuoneka bwino m'mbiri ya pulojekiti, apa nde sindinyengerera.

Ma tag (maina oika pa version inayake ya code) nawonso amandinyansa. Ku Subversion tag ndi foda chabe, nde git svn imawabweretsa ngati ma branch, uchite kuwasandutsa wekha akhale ma tag enieni. Mafoda opanda kanthu amasowa chifukwa Git sawasunga. Za svn:ignore (mndandanda wa mafayilo oti asasungidwe) zokhazo nzophweka, git svn show-ignore imakupatsa zoti uike mu .gitignore.

China chomwe anthu amaiwala, manambala aja a r1500 kaya r2000 kulibe ku Git, kuli hash ya zilembo ndi manambala 40. Tsono malipoti akale a ma bug onena kuti takonza mu r yakutiyakuti amasanduka opanda mutu. git svn imaika mzere wa git-svn-id pansi pa commit iliyonse, ena amauchotsa ndi --no-metadata ati ukunyansa, ine ndimati usiyeni, ndi umene udzakuthandizeni kupeza commit yakale.

Ngati mbiri yanu ndi yaitali komanso ma branch anasokonekera, chida ichi chikuchepera, a GCC anagwiritsa chida china chotchedwa reposurgeon cha Eric S. Raymond. Koma kwa kapulojekiti ka anthu ochepa git svn ndiyokwana, ndi yaulere, ndipo ukasamukira ku Git umapanga commit ngakhale netiweki palibe nkudzatumiza ikabwera, zomwe Subversion siyilola. Ndikuipatsa 7 pa 10. Mukamaliza tsekani seva yakale ija ikhale yongowerenga, apo ayi wina adzaponyabe code yake komweko inu muli ku Git.