PhET kapena vidiyo yojambula nokha: iti ithandize mphunzitsi wa sayansi ku Zomba?

PhET, pulogalamu yoyeserera za sayansi pa kompyuta kapena pa foni, ya ku University of Colorado Boulder, ndi yaulere. Mumatsitsa fayilo ya phunziro kamodzi, kenako imatseguka popanda intaneti. Pa magetsi palibe yoiposa: mwana amalumikiza batire, babu ndi ammeter (choyezera kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya), n'kusintha voltage (mphamvu yokankha magetsiwo) osaotcha kanthu. Koma pa foni yaing'ono mawaya ake amavuta kukoka ndi chala, ndipo ana ambiri a ku Chingale kapena Mayaka amadalira foni yobwereka kwa makolo madzulo okha.

Pa asidi ndi alkali, jambulani nokha. Nyikani chidede m'madzi otentha, sefani, gawani m'matambula atatu oonekera. Loyamba thirani mandimu, lifiira kwambiri. Lachiwiri chidulo, lisanduka lobiriwira. Lachitatu lisiyeni loyerekezera. Jambulani panja pamthunzi, pepala loyera kumbuyo, chifukwa kuwala kwa babu kumasokoneza mitundu. Vidiyo isapitirire mphindi ziwiri, apo ayi idya bandulo ya makolo pa WhatsApp. Chidede chikachuluka madzi amada, kusintha sikuoneka, choncho sungunulani ndi madzi ena.

Ubwino wake, mwana abwereza yekha kukhitchini kwawo. Muchenjezeni kuti chidulo chisamugwere m'maso.