Ukwati wa m'holo kapena wa kumudzi?

Ukwati wa m'holo mumzinda wa Zomba suvuta kufikako: mwatsika minibasi, mpando mwaupeza. Koma holo ndi yolipira pa maola, ndiye perekaniperekani amamuthamangitsa, anthu ena osavina n'komwe.

Wa kumudzi, monga ku Jali kapena ku Mayaka, umafuna kukonzekera. Mumakwera kabaza, nsapato zimafika zitafiira ndi fumbi, ndipo m'dzinja matope amavuta kwambiri. Komabe ine mtima wanga uli kumeneko. Amayi amachezera usiku wonse kuphika, thobwa lodzaza m'migolo, mpunga wa ku Chilwa ukununkhira pambali pa nyama ya mbuzi. Ankhoswe amalangiza mofatsa pansi pa mtengo wa mango, nthungululu zikumveka mpaka kudambo. Mukamapita nyamulani chitenje chokhalira, chifukwa mikeka imadzaza msanga.