Chipatala cha pulaiveti ku Joni: mtima wa achimwene anaupulumutsa, koma bilu yake si imodzi

Pa chithandizo chokha chipatala ichi ndikuchipatsa nyenyezi zonse, dzina sinditchula koma ndi cha pulaiveti kuno ku Johannesburg. Achimwene anga amene amayendetsa thiraki anayamba kumva kuwawa pachifuwa ngati wina wawakhalira, thukuta lili kamukamu, mkono wamanzere dzanzi, tinathamangira nawo usiku womwewo. Pa kauntala sanatichedwetse ndi mafomu ayi, anesi anangowagoneka nkuwamata timawaya ta ECG toyezera kagundidwe ka mtima, kutenga magazi oyezera troponin imene imaonetsa ngati mtima wavulala, posakhalitsa adokotala a mtima afika nkunena kuti mtsempha umodzi wopereka magazi ku mtima watsekeka. Analowa nawo ku cath lab, chipinda chotsegulira mitsempha ya mtima, kulowetsa kachubu pa mkono apa pomangira wotchi, kutsegula mtsemphawo nkuyika sitenti, kachitsulo kakang'ono kopangitsa kuti usatsekekenso. Mmawa mwake achimwene anali akufunsa kale za foni yawo. Pamenepa ndilibe dandaulo, anthuwa ntchito yawo amaidziwa.

Pomwe ndikuwachotsera ndi pa nkhani ya ndalama, chifukwa palibe anatifotokozera kuti bilu sibwera imodzi. Ife timadikira pepala limodzi la chipatala basi. Eeh, zinabwera mosiyana, ina pa imelo ina pa SMS, ya chipatala payokha, ya adokotala a mtima payokha, ya labu ya magazi payokha, ya ojambula payokha, mpaka wa mafizo amene anabwera kudzawayendetsa mu kolido naye ndi akaunti yake. Madokotala ambiri mu zipatala za pulaiveti kuno si antchito a chipatalacho, ali ndi bizinesi zawo, ndiye aliyense amalipiritsa yekha.

Titapempha bilu yofotokoza chinthu chimodzi chimodzi ndi pomwe tinaona pomwe ndalama zikuthera. Chachikulu ndi masiku a ku ICU, bedi ija amawerengera pa tsiku ndipo tsiku limodzi la ICU ndi lokwera kutalitali poyerekeza ndi wodi wamba chifukwa nesi amakhala ndi wodwala mmodzi kapena awiri okha, makina osazima usiku onse. Achimwene ali ndi shuga, impso zinavutako pang'ono chifukwa cha mankhwala aja amabaya kuti mitsempha ioneke pa sikirini, ndiye anawonjezeredwa masiku, bilu nayo nkumakwera mwakachetechete. Chachiwiri ndi cath lab, amawerengera nthawi imene mwakhalamo kuphatikiza sitenti, kawaya, kabaluni, chilichonse chili ndi mzere wake, mpaka magulovu ndi masilinji. Munthu wofunika masitenti awiri kapena opaleshoni ya bypass yolambalala mtsempha wotsekekawo ndiye ndi nkhani ina kale.

Koma chimene chinandipweteka ndi cha adokotala. Medical aid, inshulansi ya zachipatala ija, ili ndi mtengo wake umene imalipira, adokotala ali ndi mtengo wawo umene ungakhale kuwirikiza kawiri kapena katatu, chotsalacho amakulozera iwe. Ndipo si kuti akuba ayi, lamulo likuwalola, mndandanda wa mitengo umene boma linali nawo khoti linauthetsa mu 2010. Kafukufuku wa Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, amene anatsogolera a Sandile Ngcobo, lipoti lake la mu 2019, anapezanso kuti makampani atatu okha, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, ndiwo agwira mbali yaikulu ya mabedi a pulaiveti mdziko muno, ndiye mpikisano wotsitsa mitengo uchokera kuti? Komanso munthu mtima ukukuvuta pakati pa usiku sungayambe kufunsa mitengo chipatala ndi chipatala.

Chimene chinatipulumutsa ndi mayi wina wa ku ofesi ya maakaunti amene anatinong'oneza za PMB (Prescribed Minimum Benefits), thandizo limene medical aid singakane kulipira. Pansi pa Medical Schemes Act ya 1998 pali matenda amene medical aid ikuyenera kulipira yonse ngakhale uli pa pulani yotchipa, ndipo hati ataki ngati yadzidzidzi ili mgulu limenelo. Bilu ya adokotala inali italipidwa theka chabe, tinaimba mafoni ku medical aid, kutumiza kalata ya adokotala ndi khodi ya matenda ija ya ICD-10, kuwauza kuti tikapita ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid, mapeto ake analipira. Nanga zimenezi bwanji osangotiuza tsiku lotuluka? Alamu anga anali atayamba kale kuimbira abale ku Mzimba kuti agulitse ng'ombe.

Kwa inu abale amene mulibe medical aid, malamulo oyendetsera dziko lino ndime 27 akuti munthu asakanizidwe thandizo ladzidzidzi, ndiye akulandirani nkukupatsani loyambirira, koma kuti mugonekedwe amafuna dipoziti yaikulu apo ayi akutumizani cha boma.

Ndipo ndalama sizithera pa geti. Pano achimwene akumwa aspirin, wina wochepetsa mafuta mmagazi, wa BP, ndi wina woteteza sitenti kuti magazi asaundane amene akuti amwe pafupifupi chaka osadumphitsa. Uyu womalizayu ndi wodula, ndipo fomu yoti alowe pa mankhwala a mwezi ndi mwezi a medical aid chipatala sichinatipatse, tinachita kubwereranso kukaisainitsa kwa adokotala.