Magayidi a mabering'i pa bandsaw yanga, patatha miyezi 9

Mnzanga wina wa ku Mchesi anabwera kushedi dzulo kudzandifunsa ngati nayenso achotse timabuloko tachitsulo togwira bledi pa bandsaw yake (makina ochekera matabwa okhala ndi bledi yozungulira ngati lamba), aikepo magayidi a mabering'i ngati anga. Ndinali ndi kasitomala, ndiye achimwene, yankho lonse ndi ili.

Makina anga ndi a mainchi 14. Magayidi apamwamba sanandivutepo. Bledi sitenthanso ngati kale, ndipo mlombwa ndikuung'amba mowongoka. Pochuna ndimaika mabering'i a m'mbali kuseri pang'ono kwa mano, kapepala ka m'kope n'kumalowa pakati pa bering'i ndi bledi. Bering'i ya kumsana kwa bledi ndimaisiyira kampata kakang'ono, izizungulira pokhapokha ndikamakankha thabwa.

Apansi pa tebulo ndiwo andiliza. Utuchi wonse umagwera komweko, ndiye mukamacheka paini wa ku Chikangawa, utomoni umamata utuchiwo n'kuuma gwa. Mwezi wachinayi ndinamva kaphokoso kachilendo koma ndinapitiriza, poti ndinali ndi oda ya mipando ya kutchalitchi. Osadziwa kuti bering'i yakumbuyo yasiya kuzungulira. Msana wa bledi unkangokhula pamalo amodzi mpaka kukumbapo kamzere kolowa chikhadabo. Tsiku lachitatu bledi inangoti phwa! ili pakati pa thabwa, bledi yatsopanotu. Tsiku limenelo mukanandifunsa, ndikanati musagule.

Nditamasula ndinapeza kuti mabering'iwo ndi a mtundu wa 608ZZ, otsekedwa ndi timalata topyapyala tomwe fumbi limadutsa. Pogula, wogulitsa ananditsimikizira kuti utuchi sulowa. Nditabwerera nazo anati, "Bwana, inuyo simupukuta makina." Anakana kundisinthira ngakhale imodzi. Zinandiwawa chifukwa guluu, sandipepa ndi mabledi ndakhala ndikugula kwa iyeyo zaka zambiri.

Ndinakagula ma 608-2RS otsekedwa ndi labala kushopu ya zipangizo za galimoto, pamtengo wosafika wa bledi imodzi. Loweruka lililonse ndimazimitsa magetsi, n'kupukuta utomoni ndi kansanza ka parafini, kenako n'kuzunguza bering'i iliyonse ndi chala. Miyezi isanu tsopano palibe yomwe yagwira.

Ndiye gulani, achimwene, ngati mumacheka matabwa olimba ndi bledi yayikulu. Koma apansiwo muwasinthe mabering'i tsiku lomwelo, ndipo muwerengere ndalama imeneyo pamtengo wake. Kwa bambo uja ine sindipondakonso, ngakhale atatsitsa mtengo.