Tang Nano 9K: kabolodi komwe kandigonetsa mochedwa m'chisanu cha ku Dedza

Anthu akabwera ndi laputopu yochedwa pamalo panga apa pa boma, amafuna ndiwonjezere RAM basi. Ine zimene zinkandivuta m'mutu ndi zina: kodi munthu sangaphunzitse purosesa lamulo latsopano loti izigwira kamodzi ntchito imene imaidyera nthawi? N'chifukwa chake ndinatuma msuweni wanga wa ku Johannesburg kuti andigulire Tang Nano 9K ya kampani ya Sipeed.

Ndi kanthu kotalika ngati chala, kolowetsa pa USB-C, kokhala ndi timagetsi 6 ndi polowera HDMI. Pakati pali FPGA ya kampani ya Gowin yokhala ndi ma LUT (tizigawo tating'ono tomangira madera a m'kati) 8,640. FPGA ndi tchipi chimene mawaya ake a m'kati umawalumikiza wekha polemba Verilog, chilankhulo chofotokozera kamangidwe ka tchipi. Ndinaikamo PicoRV32, purosesa yaulere yolembedwa mu Verilog, yotsata ndondomeko ya malamulo yotchedwa RISC-V, ndipo malo anatsalako.

Ubwino wa RISC-V, yomwe inayambira ku yunivesite ya Berkeley mu 2010, ndi woti anasiya dala mipata yotchedwa custom-0 ndi custom-1 kuti aliyense aikemo malamulo ake. PicoRV32 nayo ili ndi kakhomo kotchedwa PCPI: ikakumana ndi lamulo lachilendo imaliponyera kudera limene wamanga iwe, n'kudikira yankho.

Lamulo langa loyamba linali lowerenga kuti mu nambala ya mabiti 32 muli ma 1 angati. Ukalemba mwachisawawa mu C, chilankhulo cholembera mapulogalamu, purosesa imazungulira ka 32, malamulo kupitirira 100. Zili ngati mayi wa pa Bembeke kumawerenga mbatatesi imodziimodzi pomwe ndowa ili pambali. Ndinamanga ndowayo. Inde, lamulo lotere lilipo kale mu Zbb, gulu la malamulo owonjezera a RISC-V, amalitcha cpop, koma ndimafuna lochoka m'manja mwanga.

Usiku uwiri wathunthu purosesa inkangouma. Ndinakayikira chingwe, ndinakayikira kabolodi, kenako n'kupeza kuti wolakwa ndi ine: sindinakweze pcpi_ready, chizindikiro chouza purosesa kuti yankho lakonzeka. PicoRV32 imadikira kugunda 16 kwa koloko, ndipo kukakhala zii imati lamulolo ndi losaloledwa. Nditakonza, timagetsi tinayaka monga ndimafunira, cha m'ma 1 koloko usiku, zala zitauma ndi chisanu cha Juni. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, ndiye mwapambana chiyani?"

Funso lawolo linali ndi mano. Kuwerenga kuja kunafulumiradi kwambiri, koma pulogalamu yonse sinasinthe kwenikweni, poti nthawi yambiri inkathera potumiza zotsatira ku laputopu kudzera pa UART, njira yotumizira deta biti imodziimodzi. Ndinathamangitsa kagawo kosachedwetsa kanthu. Pano ndimayamba ndayeza pamene pakuthera nthawi ndisanakhudze Verilog.

Amene mukufuna kuti foni kapena Windows ithamange, musataye ndalama, koloko yake ndi ya 27 MHz chabe. Koma mphunzitsi wa makompyuta ku sekondale, kapena wophunzira amene akudziwako C, kagule. Kamayaka ndi moto wa laputopu, choncho magetsi akathima ntchito siyiima. Mungokopereratu mapulogalamu ake, a Gowin kapena aulere monga Yosys ndi nextpnr, tsiku limene muli ndi bando yokwanira.

Sabata ino ndikuyesa lamulo la CRC, masamu oonera ngati deta yasokonekera.