Lole yadengu ndi yabwino, koma wondigulitsa anandinamiza

Ntchito yanga ndi kusadza ndi kugwetsa mitengo, makamaka mango ndi bulugamu zomwe zafika pamadenga kapena pamawaya a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, kuyambira kuno ku Moatize mpaka ku Ulongwe. Ndinagula lole ya Isuzu Elf yakale ya ku Japan ija, ya mkono wa mamita 12 ndi dengu lokwezera munthu, kwa bambo wina woitanitsa magalimoto kudzera padoko la Beira.  Anandilumbirira kuti zonse zahaidiroliki, mapaipi ndi mapampu a oyilo oyendetsa mkono, aziona, ndingothira dizilo n'kuyamba ntchito.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa la ku Tete lija lopitirira madigiri 40, mphwanga anali m'dengu akudula nthambi ya mango pamwamba pa nyumba ya kasitomala. Ndinangomva phuu! Paipi yaphulika pachigongono cha mkono, oyilo wotentha ali pwa pakhoma la eni ake ndi pazovala zomwe amayi a panyumbapo anayanika. Mkono sunagwe, chifukwa pasilinda pali valavu yomwe imatsekera oyilo mkati paipi ikaphulika, ndipo valavu imeneyo ndi yomwe inapulumutsa mwana wa mayi anga. Koma kutsika ndiye kunakanika. Ndinathamangira kupampu yapangozi, yoyendera batire ija, kudina batani, zii. Kutsegula bokosi, mawaya ake odulidwa kalekale, nsonga zake zachita dzimbiri. Mphwanga ali m'mwamba akukuwa kuti, "Achimwene, nditsitseni, chitsulo chikuotcha!" Anthu adzaza bwalo lonse. Tinakabwereka makwerero kwa amisiri omanga nyumba, anatsika ndi chingwe m'chiuno, miyendo ikunjenjemera.

Makaniko atapala mapaipi ena ndi mpeni, tinapeza kuti anawapaka penti yakuda kubisa ming'alu. Ndinawaimbira bambo aja. Yankho lawo: "Bwana, galimoto yakale ndi yakale, kodi simunaione?" Munthu akanafa, inu mukuyankha choncho? Mpaka lero zimandiwawa.

Koma lole payokha sindiinyoza, ndinganame. Injini siivuta, phiri la kumsewu wa ku Angonia imakwera bwinobwino, ndipo zipangizo za Isuzu zimapezeka mu mzinda wa Tete osachita kuitanitsa kunja. Nditasintha mapaipi onse, kukonza pampu ija ndi kuthira oyilo wolimbirako wa nambala 68 m'malo mwa wa nambala 46 yemwe amasungunuka kwambiri kukatentha, mkono ukuyenda mosagwedera. Mtengo womwe kale tinkaukwera ndi zingwe tsiku lathunthu, pano tikumaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Miyendo inayi yochirikiza lole mkono ukamakwera imafuna matabwa ochindikala pansi, apo ayi imamira m'dothi nthawi yamvula. Dengu ndi la faiba, koma lili ndi mng'alu m'mphepete, ndiye pafupi ndi mawaya sindikwezamo munthu mpaka a EDM atazimitsa magetsi.

Amene mukufuna kugula yanu, musamvere pakamwa pa wogulitsa. Mkono ukwere mpaka kumapeto, muzimitse injini, muone ngati ukutsika wokha, kenako muutsitse ndi pampu yapangozi inu mukuona. Malisiti a mapaipi ndi a penti ya khoma la kasitomala ndinawatumizira bambo aja pa WhatsApp. Anawerenga, sanayankhe.