Camshaft ya 272 mu Citi Golf yanga: yankho kwa omwe ankafunsa

Chaka chatsala pang'ono kukwana chiikireni camshaft (chitsulo chomwe chimatsekula ma valve a injini) ya madigiri 272 mu Citi Golf yanga ya 1.6i. Anzanga omwe ankafuna kudziwa ngati nawonso agule ndinkawauza kuti adikire kaye, chifukwa sabata zoyambirira khutu limakopeka ndi kulira kwatsopano kwa injini, munthu suweruza bwino. Tsopano ndikhoza kuyankha.

Galimotoyi Volkswagen inkaipanga ku Uitenhage, komwe lero ndi Kariega, kuyambira 1984 mpaka 2009. Injini yake ndi ya ma valve 8, camshaft imodzi pamwamba, yoyendetsedwa ndi lamba. Anyamata a kuno ku Johannesburg amaikondera zimenezo: kusintha camshaft ndi ntchito ya tsiku limodzi, injini osaitsitsa.

Zoti mudziwiretu n'zakuti camshaft yotere imasamutsa mphamvu, kuichotsa pomwe injini ikuzungulira pang'onopang'ono n'kuipititsa pomwe ikuthamanga. Iyo ikazungulira kamodzi, crankshaft (chitsulo chozunguzidwa ndi mapisitoni) imakhala itazungulira kawiri, madigiri 720, ndipo 272 ndi gawo la madigiri amenewo lomwe valve imakhala yotsekula. Nthawi ikatalika chonchi, valve yolowetsa mpweya imatsekuka yotulutsa utsi isanatsekeke. Injini ikathamanga, utsi wotuluka umakokera mpweya watsopano m'silinda, mphamvu n'kukwera. Ikamayenda pang'onopang'ono, utsi ndi mpweya zimasakanikirana, injini n'kumadzuma.

Pamsewu zimamveka ndendende choncho. Pansi pa 2,500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) galimoto ndi yofookerapo kusiyana ndi kale, ndipo pamdipiti wa m'mawa pamsewu wa N1 mwendo wa kulachi umagwira ntchito yambiri. Singano ya rpm ikangodutsa 3,500 injini imakoka mosalekeza mpaka pafupi ndi mzere wofiira, pomwe kale inkayamba kubanika. Kupitirira thiraki pamsewu wa njira ziwiri n'kumene ndimaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Petulo m'tauni ikudya wochulukirapo, paulendo wautali kusiyana n'kochepa.

Mu December ndinapita nayo kwathu ku Blantyre, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopyapyala, choncho nditatsikira ku Zambezi injini inachita kudzuka. Koma kuchoka ku Tete kukwera ku Zobue, katundu ali tho kumbuyo, giya yachisanu sinkathandiza pazitunda. Ndinkatsitsa giya msanga kuposa momwe ndikanachitira ndi camshaft yobwera nayo. Wonyamula katundu kawirikawiri aliganizire bwino limeneli.

Chomwe chinandivutitsa kwenikweni ndi idling, kulira kwa injini galimoto itaima. Kompyuta ya galimotozi, Bosch MP9, imayeza mafuta potengera kukoka kwa mpweya mu manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu injini), ndipo camshaft yotere imachepetsa kukokako. M'mawa wa June, kukuzizira, injini inkazima pa loboti yoyamba. Zinatha nditaipititsa pa dyno, makina oyezera mphamvu ya injini, kuti akakonze mafuta ndi timing, ndipo mtengo wa ntchito imeneyo muuwerengere limodzi ndi wa camshaft musanagule. Mabuleki nawonso amadalira kukoka kwa mpweya komweko. Anga sanasinthe, koma mnzanga yemwe anaika camshaft ya 288 akuti pamdipiti pedulo yake imalimba.

Nkhani ya kapangidwe ndi imene ndikufuna tiimepo, chifukwa ndi imene imaonekera pakapita miyezi. Pamsika pali mitundu iwiri. Ina ndi camshaft yakale yomwe aipala pamakina kuti ma lobe, zotumphuka zomwe zimakankha ma valve, asinthe maonekedwe. Amadya kumsana kwa lobe kuti nsonga ikankhe valve mozama. N'njotchipa, ndipo ikapalidwa ndi wodziwa imagwira ntchito, koma mpata wapakati pa camshaft ndi ma follower (tizitsulo tokhala pakati pa lobe ndi valve) umakula, ndiye pamafunika kuukonza. Ina ndi yopalidwa kuchokera ku chitsulo chatsopano cha chilled cast iron. Pochiumba amaziziritsa msanga mbali ya ma lobe kuti khungu lake liume gwa, mkati mukhale mofewerapo mosathyoka. Ine ndinasankha yachiwiriyi.

Makaniko wanga, bambo wachikulire amene wakhala pa injini zimenezi zaka zambiri, anakaniratu kuika camshaft yatsopano pa ma follower akale. Anati chitsulo chilichonse chimaperesedwa mogwirizana ndi chinzake, monga mpeni ndi mwala wonolera, ndipo follower yakale imadya lobe yatsopano. Anapaka mafuta oikira pa lobe iliyonse, anaona kuti masipuling'i sakupanikizika mpaka kugundana valve ikatsekuka yonse, ndipo atailiza koyamba anaisunga pakati pa 2,000 ndi 2,500 rpm kwa mphindi 20, osailola idling. Pa idling oyilo safika wokwanira pamwamba, ndipo mphindi zoyambazo ndi zomwe zimapha ma camshaft ambiri. Kuyambira pamenepo ndimathira oyilo wokhala ndi zinc wokwanira ndipo sindichedwa kusintha. Mwezi wathawu tinatsekula chivundikiro posintha gasket yomwe inayamba kudontha. Ma lobe onse asanu ndi atatu anali see, opanda mzere kapena dzenje, ma follower chimodzimodzi.

Dandaulo langa lili pa omwe anaipanga. Pepala la m'bokosi linangolemba 272 ndi kuzama kwa valve, osanena kuti madigiriwo anayezera pati. Ena amayamba kuwerenga valve ikangosuntha pang'ono, ena ikakwera 1 mm, a ku America pa mainchi 0.050, moti ma camshaft awiri olembedwa 272 akhoza kusiyana kwambiri. Tinachita kuimba foni kuti atiuze valve ikhale itatsekuka motani pisitoni ili pamwamba penipeni, kuti tiike bwino vernier pulley, pulley ya camshaft yomwe imalola kusintha timing. Pulley imeneyi musaisiye, makamaka ngati head (mutu wa injini) yanu inapalidwapo, chifukwa kupala head kumasuntha timing.

Ndiye agule ndani? Ngati galimoto ndi yopitira kuntchito komanso mumakonda kuikankha msewu ukatseguka, 272 ikukwanirani, bola mukhale ndi ndalama ya ma follower, pulley ndi dyno. Ngati moyo wanu ndi wa maloboti ndi katundu, isiyeni yobwera nayo. Yanga sindichotsa, ndipo 288 sindikuifuna. Ndalama ikapezeka ndikonzetsa njira za mpweya mu head ndi branch ya ekizozi (mapaipi otulutsa utsi mu head), kuti camshaft yomwe ilipoyi ipume mokwanira.